Zitsulo Zimene Kelvin Adamasula pa Njinga

Pakhomo pa bambo Yobe Mwale ku Njombwa padalibe chuma choti wodutsa n'kuima kuti aone, koma padali mtendere. Bambowo adali mlimi wa fodya ndiponso mkulu wa mpingo. Akazi awo, mayi Tabitha, sankadziwa kukhala pansi. M'mawa ali kumunda, masana ali m'chigafa kusoka fodya, dzuwa likapendeka auyamba wokazonda odwala kutsidya kwa dambo. Anzawo ankawaseka kuti munthu wowafuna asavutike n'kupita kunyumba kwawo, angoima panjira, amupeza okha.

Mwana wawo wamwamuna, Kelvin, adamaliza sukulu ya sekondale koma ntchito idasowa. Adali mnyamata waulemu, woimba kwaya, wosadziwa khomo la mowa. Chilema chake chidali chimodzi, ndipo makolo ake sadachione msanga: sankapirira kusekedwa. Anzake akangomuseka pang'ono, ankalolera kuchita china chilichonse kuti kusekako kuthe.

Chaka china fodya atayenda bwino ku okishoni, bambo Yobe adamugulira njinga yamoto kuti aziyendetsa kabaza. Asanaitulutse pamsewu, adapita nayo limodzi kwa Amosi, wowotcherera zitsulo wa pa boma la Kasungu, kuti aikepo zotetezera.

Amosi adayala zitsulo pansi.

"Zilipo za mitundu iwiri, bambo. Zing'onozing'onozi zimateteza injini yokha. Zazikuluzi zimatuluka m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Njinga ikagwa imatsamira pachitsulo, ndiye mwendo wa woyendetsa ndi wa wokwera umapeza mpata, suphwanyika."

"Zing'onozing'ono zomwezi zikwana, ababa," adatero Kelvin. "Zinazi zilemetsa njinga, ndiponso sizioneka bwino."

"Ine sindinabwere kudzateteza injini," adayankha bambo ake. "Injini amagulitsa m'sitolo. Nanga mwendo amagulitsa sitolo iti? A Amosi, ikani zazikuluzo, mumange zolimba. Mutipatsenso zipewa ziwiri, china cha wokwera."

Pobwerera, bambo Yobe adakwera kumbuyo, chipewa chili kumutu, akumwetulira ngati mwana. Atafika pakhomo mayi Tabitha adalulutira, kenako banja lonse lidagwada pabwalo n'kuipempherera njingayo.

Tsiku loyamba pasiteji, pamene a kabaza amadikirira anthu, anyamata adaizungulira njinga ya Kelvin n'kufa nacho chikhakhali.

"Amwene, mwazula geti la sukulu?"

"Ayi, ndi bedi la kuchipatala ili. Angotsala matiresi."

Amene adaseka kwambiri adali Wyson, mnyamata wa jekete lachikopa ndi magalasi akuda, yemwe njinga yake idalibe chitsulo ngakhale chimodzi koma idali ndi wailesi ndi timagetsi tamitundumitundu. Wyson sankaoneka kawirikawiri atanyamula munthu, komabe ndalama sizinkamuthera. Munthu wanzeru akadadzifunsa kuti zimachokera kuti. Kelvin sadadzifunse, ankangosirira jeketelo.

Amayi oyembekezera ndi achikulire ankakonda njinga ya Kelvin chifukwa cha zitsulo zomwezo, ndipo ankadikira kuti abwere ngakhale pasiteji pali njinga zina. Koma mawu a anthu oyamikira sankamulowa m'khutu ngati mmene ankalowera a anthu onyoza. Sabata isadathe, chipewa cha wokwera chidayamba kutsala kunyumba, pamsomali.

Nyengo yothyola fodya itafika, zigafa zonse m'dera lija zidadzaza, ndipo mphepo inkanunkhira masamba ouma. Tsiku lina Loweruka Wyson adamukokera Kelvin pambali.

"Uli ndi njinga yamphamvu iwe, koma ukuigwiritsa ntchito yonyamula agogo. Mawa m'mawa kuli katundu ku Lisasadzi. Ulendo umodzi wokha, upeza zimene umapeza sabata yonse."

"Mawa ndi Lamulungu. Ndili ndi kwaya."

"Kwaya idzakugulira nsapato? Ukaimba sabata yamawa, Mulungu sasamuka."

Kelvin adapita. Adapeza matumba awiri atabisidwa m'udzu m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mpanda wa khonje wa esiteti ina. Sadafunike kumasula kuti adziwe zam'katimo, pakuti mwana wa mlimi wa fodya salakwitsa fungo lija.

"Ndi wa ndani fodyayu?"

"Wa achimwene anga," adatero Wyson akuyang'ana kumbali. "Iwe manga, tizipita."

Adakatula matumbawo kuseri kwa golosale ina, kwa venda wogula fodya mobisa. Pobwerera thumba la Kelvin lidali lotupa, ndipo mtima wake udamutsutsa mpaka pamphambano yokha. Atafika pasiteji adagulira anzake zakumwa, ndipo tsiku limenelo palibe adatchula geti la sukulu.

Zoona zake adazidziwa Lamulungu lotsatira. Fodyayo adali wa matenanti, anthu osauka ochokera kutali amene amalima pa esiteti chaka chonse akudya zongokongola, kudikira tsiku logulitsa. Wyson adali atazindikira chinthu chimodzi: usiku matenanti amagona m'zigafa kulondera fodya wawo, koma Lamulungu m'mawa amapita onse kutchalitchi, poganiza kuti palibe munthu angabe nthawi ya mapemphero. Belu la tchalitchi likalira, kwa Wyson lidali belu loyambira ntchito.

Madzulo a tsiku limenelo mayi Tabitha adatola malaya a Kelvin kuti akachape, ndipo adaima nawo pakhomo.

"Kelvin, pakhomo pano sitigwira fodya Lamulungu. Nanga fungo ili lachokera kuti?"

"Ndinanyamula mlimi wina, amayi."

"Mlimi wake uti wonyamula fodya anzake ali m'tchalitchi? Kwaya yaimba popanda iwe kawiri tsopano. Ine pamene ndimakhala paja ndimaona malo ako ali pululu, ndipo mtima umandiwawa. Mwana wanga, ngati wayamba njira ina, bwerera kudakali pafupi."

"Amayi, mumangodandaula zilizonse," adatero Kelvin, n'kutuluka.

Ntchito ija idakula. Wyson adati matumba azimangidwa anayi, mopingasa, koma zitsulo zakumbuyo zinkatchinga. Kelvin adatenga sipanala n'kuzimasula. Bambo Yobe adazindikira tsiku lomwelo.

"Njinga yako ikuwonda bwanji? Zakumbuyo zili kuti?"

"Zinathetheka, ababa. Ndazisiya kwa a Amosi kuti awotcherere."

"Chitsulo chatsopano kuthetheka? Chabwino. Koma usanyamule munthu mpaka zibwerere. Wokwera kumbuyo sagwira chiwongolero, moyo wake amaupereka kwa iwe."

Kelvin adavomera ndi pakamwa. Zitsulozo zidali zitapita kale kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo ndalama yake idagula magalasi akuda.

Padatsala vuto limodzi. Kusenza matumba kuchokera kuzigafa kufika kumsewu kunkatenga nthawi, ndipo tsiku lina adatsala pang'ono kupezedwa ndi mayi wina amene adabwerako msanga kutchalitchi. Wyson adamuonetsa Kelvin kampata mumpanda wa khonje uja, pakati pa mitengo iwiri ya malaina. Kuseri kwake kudali kanjira kodutsa m'mizere, kotsetsereka kupita kudambo, kotulukira kumsewu wina.

"Yanga imadutsa apa ngati mbewa," adatero Wyson. "Yako ndi zinyanga zakezi singalowe. Chotsa."

"Zakutsogolozi ayi. Ababa andipha."

"Ndiye bwerera kwa ababa akowo, ukawaimbire kwaya. Ndipeza mwamuna wina."

Adaseka, kuseka kuja kwa pasiteji. Kelvin adayang'ana zitsulo, adayang'ana kampata, ndipo adagwada m'fumbi ndi sipanala. Mabauti adali olimba chifukwa Amosi adamanga monga adauzidwira, moti adatuluka thukuta kuti awamasule. Zimandimvetsa chisoni kuti mnyamata adakhetsa thukuta lochuluka chotere pochotsa chinthu chimene bambo ake adachigula ndi thukuta kuti chimusunge.

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera kunyumba mochedwa n'kulowetsa njinga m'kachipinda kake, ataifunditsa chiguduli. Koma bambo Yobe sadali mwana. M'mawa wina adavundukula chigudulicho.

"Kelvin, bwera kuno. Ichi n'chiyani?"

"Nazonso zili kwa a Amosi, ababa."

"Undiyang'ane. Loweruka ndipita kwa a Amosi ndekha. Ndikakapeza kuti wandinamiza, makiyi ubweza. Kunja kuno kukumveka zoti fodya akusowa m'zigafa za matenanti ku Lisasadzi, ndipo akuti akuba ake ndi a njinga. Sindikunena kuti ndiwe. Ndikungoti njinga yochotsa zitsulo imafuna kudutsa pamene njinga yabwino sidutsa."

Mumtima Kelvin adati Loweruka ndi kutali, apeza bodza lina.

Lachinayi kudacha ndi matope, mvula itagwa usiku wonse. Bambo Yobe adalawirira kumunda. Mayi Tabitha adali ndi msonkhano wa amayi a mpingo ku Lisasadzi, ndipo adachedwa chifukwa chigafa chidadontha, adayamba asuntha fodya. Adatuluka atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, Baibulo lili m'kachikwama.

"Kelvin, ndiperekeze mwana wanga. Ndikayenda pansi ndikapeza atatseka ndi pemphero."

Kelvin sadafune kukaonekera ku Lisasadzi masana a tsiku wamba.

"Ababa anati ndisanyamule munthu."

"Lero wakumbuka mawu a bambo ako? Ndi pafupi pomwepa, uyenda pang'onopang'ono. Zitsulo zili kokonzedwa, si mlandu wako."

Apa m'pamene Kelvin akadanena zoona. Amayi ake adali ataima patsogolo pake, akumukhulupirira, ndipo pakhomo padalibe wina womvera. Koma adaopa manyazi a mphindi imodzi. Adangotenga chipewa cha wokwera pamsomali paja n'kuwaveka pamwamba pa duku, nawo adakwera, adamugwira m'chiuno.

Adayenda bwino mpaka pafupi ndi esiteti ija. Atakhota pakona, Kelvin adaona chipika chitagonekedwa pamsewu ndi gulu la amuna atanyamula zibonga. Pakati pawo, pansi m'matope, padakhala munthu womangidwa manja, jekete lachikopa litang'ambika. Adali Wyson. Adamugwira m'mawa womwewo akuzungulira zigafa, ndipo khofi loyamba limene adamumenya lisadapole adali atatchula kale dzina la mnzake.

"Ndi ameneyo!" adakuwa Wyson, akuloza ndi chibwano. "Wonyamula ndi ameneyo!"

"Kelvin, anthuwa akukuimitsa," adatero mayi Tabitha. "Ima timve."

Kelvin sadaime. Kudzanja lamanzere kudali mpanda wa khonje, ndipo kampata kaja kadali pomwepo, pakati pa malaina awiri. Njinga ikadakhala ndi zitsulo zake sikadalowa, ndipo iye akadaima chifukwa chosowa kothawira. Koma adali ataikonza yekha kuti izilowa. Adakhotetsa, adakoka moto, ndipo adadutsa.

"Kelvin! Ima! Mwana wanga, ima!"

Kanjira kaja adakazolowera kali kouma, atanyamula matumba osalankhula. Tsiku limeneli dothi lidali loterera ngati sopo. Tayala lakutsogolo lidamenya mzere, lakumbuyo lidaseseleka, ndipo njinga idagwera kumanja n'kukhwekhwereka motsetsereka mpaka idakaima pachitsa. Kelvin adaponyedwa pamatope ofewa. Adadzuka atangosupuka chigongono.

Amayi ake sadadzuke. Mwendo wawo wamanja udali pansi pa njinga, utapanikizidwa pakati pa injini ndi chitsa, ekizosi yamoto itawagona pakatumba. Padalibe chitsulo choti njinga itsamirepo, choncho idatsamira pa iwo. Sadakuwe kwambiri. Ankangoti, "Mayo, Ambuye, mayo," manja akufufuza kachikwama kawo m'matope.

Amuna aja adafika akuthamanga, zibonga zili m'mwamba. Ataona mayi wovala zoyera za mpingo ali m'magazi, zibonga zidagwa zokha. Anthu omwewo amene Kelvin adawabera ndi amene adanyamula njinga kuichotsa pamwendo wa amayi ake. Wina adavula malaya n'kumanga pamwamba pa bondo. Wina adathamangira ngolo. Mkulu wina wa imvi, tenanti wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, adamuyang'ana Kelvin nthawi yaitali.

"Amama ako awa?"

"Eya."

"Ndipo unathawa nawo? Ise timafuna fodya wathu, mwana iwe. Sitimafuna ichi."

Palibe adamumenya. Kelvin adanena pambuyo pake kuti akadakonda akadamumenya.

Kuchipatala cha pa boma madokotala adayesetsa, koma fupa lidali litanyenyeka ndipo bala lamoto lidalowa matope. Adaudula mwendowo m'munsi mwa bondo. Bambo Yobe adafika ndi matope a kumunda kumapazi, adamva nkhani yonse pakhonde kwa apolisi, ndipo adakhala pansi pasimenti ngati munthu womenyedwa ndi mphezi. Apolisi atabwera naye Kelvin kuti aone amayi ake asanamutengere kuchitokosi, bambo ake adaimirira.

"Ndinakufunsa kuti mwendo amagulitsa sitolo iti. Pita ukagule tsopano."

Adangonena zomwezo, kenako adalira pamaso pa anthu, mkulu wa mpingo wathunthu.

Mayi Tabitha adali atagona chagada, nkhope itatuwa. Kelvin adagwada pambali pa bedi, unyolo uli m'manja, ndipo adaulula zonse: za matumba, za Lamulungu, za zitsulo zimene sizidafike n'komwe kwa Amosi. Amayi ake adamvetsera osamudula.

"Ukadaima, Kelvin," adatero motsitsa. "Akadakumenya, inde. Ukadatupa sabata imodzi n'kuchira. Ine ndikadawagwadira anthu aja, ndikadawapempha, tikadabweza fodya wawo ndi wathu wa m'chigafa. Ndinakuitana katatu konse. Sunandimve?"

"Ndinamva, amayi."

"Ndiye chimenecho n'chimene chikundiwawa kuposa mwendowu."

Bwalo la milandu lidawapeza olakwa onse awiri, Kelvin ndi Wyson, ndipo adapita kundende. Njinga idagulitsidwa, pamodzi ndi fodya wa chaka chimenecho, kuti matenanti abwezeredwe zawo. Bambo Yobe adatula pansi udindo wa mumpingo. Palibe adawakakamiza, adangoti sangaimirire kutsogolo kulangiza ana a eni pamene wawo adawapulumuka m'manja.

Kelvin adatuluka patapita zaka, ali wowonda ndi wofatsa. Adafika pakhomo masana, nthawi yothyola fodya. Munda udali utachepa ndi theka, pakuti munthu mmodzi sakadatha kuulima wonse. M'chigafa adapeza amayi ake atakhala pamphasa, akusoka masamba, ndodo zoyendera zitatsamira pamzati. Chitenje chidaphwa mbali imodzi.

Kelvin adagwada chapatali.

"Sendera kuno," adatero mayi Tabitha. "Ndinakukhululukira kalekale, ndisanatuluke m'chipatala. Usamayende ngati munthu wothamangitsidwa. Pano m'pakwanu."

Kelvin adasendera, akulira. Adakhala pamenepo mpaka misozi idachepa, kenako adatola singano n'kuyamba kuwathandiza kusoka. Patapita kanthawi adaona amayi ake akukwinya nkhope, dzanja likupapasa pamphasa, kutsogolo kwa bondo, pamene padalibe kanthu.

"Mukufuna chiyani, amayi? Ndikupatseni?"

"Palibe chimene ungandipatse. Phazi likundiyabwa, lomwe kulibelo. Limatero mvula ikayandikira. Ndimafuna kukanda, koma ndikande pati?"

Kelvin adayang'ana pamphasa paja. Adatambasula dzanja, adalibweza. Lero lino amapemphera, adabwerera ku kwaya, amalima munda wa makolo ake ndipo sakhudza kanthu ka mwini. Kulapa kwake n'koona, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu adamulandira. Koma mvula ikayandikira, amakhala pambali pa amayi ake n'kumaonerera dzanja lawo likufufuza phazi pamphasa.

Anyamata ndi atsikana amene mukuwerenga nkhaniyi, ndikunena mosabisa. Malangizo a makolo ndi malamulo a Mulungu amalemera, saoneka bwino pamaso pa anzanu, ndipo amakulepheretsani kudutsa m'timipata tina. Adaikidwa dala kuti musadutsemo. Mnzanu akakuuzani kuti muchotse kuti mufanane naye, mufunseni kumene akufuna kukulowetsani. Kuba kumayamba ndi thumba limodzi ndi bodza limodzi, ndipo mukamva mawu okuitanani kuti muime, imani pomwepo, ngakhale kutsogolo kuli manyazi ndi zibonga. Musadzinamize kuti mukagwa mudzavulala nokha. Tchimo likamagwetsa munthu, kawirikawiri limaphwanya amene adakwera kumbuyo chifukwa chomukhulupirira.